Aphunzitsi Akachepa, Adzaona Mwana Wodwala Ndani?

Pa mabenchi a chipatala chilichonse cha kumudzi pamadzaza amayi odzakweza ana sikelo, amayi oyembekezera, ndi okalamba odandaula nyamakazi. Koma mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale saoneka kaŵirikaŵiri pamzere umenewu. Msinkhu wa sikelo adaupyola kale, komabe sanakhwime mokwanira kuti nkudzitengera yekha kwa adokotala ndi kulongosola vuto lake popanda manyazi. Amachoka pakhomo kusanache, nabwerako dzuŵa litapendeka. Ena amakhala m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu, ndipo makolo awo amaŵaona pa tchuthi pokha. Munthu wamkulu amene amaona nkhope ya mwana wotereyu masiku asanu pa mlungu ndi mphunzitsi. Nchifukwa chake kuchepa kwa aphunzitsi m'sukulu za sekondale za Boma kuyenera kuŵerengedwa pamodzi ndi kusoŵa kwa mankhwala ndi madzi abwino, pakuti nakonso kumadwalitsa ana.

Nkhaniyi ikhudza kwambiri madera onga la Inkosi Kanduku m'boma la Mwanza. Limeneli ndi dziko la mapiri ndi zigwa, lotchuka ndi manachesi, kumene midzi idatalikirana ndipo mitsinje imadzaza nthaŵi ya dzinja. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 130,000 m'boma lonse la Mwanza, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre umadutsa pa boma nkukaloŵa m'dziko la Mozambique pa Zobue, ulendo wa ku Tete, ndipo magalimoto akuluakulu a katundu amandanda pa chipata kudikira kuwoloka. Msewuwu umabweretsa malonda ndi ndalama, koma umabweretsanso mayesero kwa mtsikana amene alibe sopo, ndi kwa mnyamata amene aona anzake akupha makwacha pa kabaza iye ali ndi njala m'kalasi. Mwana wa sukulu wokhala m'dera lotere afunika diso la munthu wamkulu tsiku ndi tsiku.

Kumene vutoli lidachokera

Kale sukulu za sekondale zidali zoŵerengeka, ndipo zambiri zidali zogonera komweko. Mwana wosankhidwa ankapeza aphunzitsi okhala pa sukulu pomwepo, mayi woyang'anira atsikana kumalo ogona, chakudya chophikidwa pa nthaŵi yake, ndi munthu womuperekeza ku chipatala akadwala. Ana amene sadasankhidwe ankaphunzira kudzera m'makalata ndi pa wailesi, pansi pa Malawi Correspondence College, imene idakhazikitsidwa mu 1965 ndipo pambuyo pake idatchedwa Malawi College of Distance Education. M'malo ophunzirira a koleji imeneyi ana ankayang'aniridwa ndi aphunzitsi a ku pulayimale.

Mu 1994 Boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khamu limeneli linkayenera kudzagogoda pakhomo la sekondale. Tsono kumapeto kwa 1998 Boma lidalamula kuti malo ophunzirira aja asanduke sukulu za sekondale zoyendera, zimene anthu amazidziŵa ndi dzina loti CDSS. Ichi chidali chinthu chabwino, pakuti mwana wa mlimi wa kwa Kanduku adapeza Fomu 1 pafupi ndi kwawo. Koma dzina lidasintha msanga kuposa sukulu zenizenizo. Zambiri zidayamba popanda nyumba zokwanira za aphunzitsi, popanda malo ogona ana, popanda chipinda cha sayansi, ndipo aphunzitsi ambiri adali omwe aja a ku pulayimale. Koleji ya Domasi, ya Nalikule imene idatsegulidwa mu 2017, pamodzi ndi mayunivesite, zakhala zikusula aphunzitsi a sekondale, koma ambiri a iwo amakhumba ntchito ya m'tauni, kumene kuli magetsi, nyumba yabwino ndi chipatala pafupi. Sukulu ya kuseri kwa phiri ndiyo imatsalira. Wosoŵa koposa ndi mphunzitsi wamkazi, chifukwa ambiri amatsata mabanja awo pa boma kapena mumzinda.

Mu 2025 Boma lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro m'sukulu zake za sekondale akhale aulere. Kholo lililonse limene lidagulitsapo mbuzi kuti lilipire fizi liyenera kukondwa ndi nkhani imeneyi. Koma chaka cha 1994 chidaphunzitsa mtundu wa Amalaŵi kuti ana amabwera m'maŵa umodzi, pamene mphunzitsi amasulidwa zaka zitatu kapena zinayi. Fizi ikachoka, ana amene amabwera kudzadzaza makalasi ndi a m'mabanja osaukitsitsa, omwe ndiwo amafika ndi njala, ndi matenda, ndi nkhaŵa zambiri.

Masamu amene kholo lililonse lingaŵachite

Pa sukulu ya makalasi anayi, Fomu 1 mpaka Fomu 4, ngati kalasi lililonse liphunzira magawo 9 a mphindi 40 pa tsiku, magawo onse pa mlungu amakwana 180. Sukulu yotere ikakhala ndi aphunzitsi 6, aliyense asenza magawo 30. Koma mmodzi mwa asanu ndi mmodziwo ndi mphunzitsi wamkulu, amene amaitanidwa ku misonkhano ndipo amasunga mabuku a sukulu. Tsiku lina mmodzi adwala, wina ali ku maliro, wina wapita pa boma kukatenga malipiro ku banki. Otsala amathamanga kuchoka m'kalasi ili kuloŵa m'linzake, naphunzitsa ngakhale maphunziro amene iwo eni sadaŵaphunzire ku koleji. Masana ambiri amaphunzitsanso ana a sukulu ya madzulo kuti apezeko ndalama yoonjezera, ndipo usiku amachonga mulu wa makope ndi nyali.

Zinthu zikafika potere, mphunzitsi amasankha chimene angachisiye. Phunziro sangalisiye, chifukwa mayeso a JCE ndi MSCE akubwera, ndipo dzina la sukulu limayesedwa ndi ana okhoza. Chimene chimasiyidwa ndi chija chosalembedwa pa ndandanda wa maphunziro: kuitana maina m'maŵa ndi kufunsa kumene kuli amene sadayankhe, kuima pakhonde ndi mwana amene wakhala chete mlungu wonse, kulemba kakalata kopita kwa makolo. Phunziro likhoza kulembedwa pa bolodi, ana nkukopera okha. Koma palibe angasiye pa bolodi funso loti, “Mwanawe, bwanji watuŵa chonchi?”

Chitsanzo chimene makolo ambiri angachizindikire

Nkhani yonga iyi si yachilendo m'midzi yozungulira sukulu zoyendera. Mtsikana wa zaka 15 asankhidwa kupita ku Fomu 1 pa sukulu ya mtunda wa maola aŵiri kuchokera kwawo. Pofuna kumupeputsira ulendo, makolo amupezera chipinda cha lendi pafupi ndi msika, chimene akhalamo ndi anzake atatu. Ana eni ake amakutcha kukhala kotereku kuti selefu. Ufa umene amatenga kwawo umatha mwezi usanathe. Ndiwo zake ndi masamba ndi mchere. Patapita miyezi ingapo ayamba kumva chizungulire akaimirira, mtima umagunda kwambiri akakwera chitunda, ndipo m'kalasi amawodzera. Masiku a kumwezi amajomba, chifukwa alibe nsalu zokwanira ndipo chimbudzi cha pa sukulu chilibe chitseko ngakhale madzi. Ali mu Fomu 2, munthu wina wamkulu wa pamsika ayamba kumugulira sopo ndi mafuta odzola. Kenaka ajomba mlungu wathunthu. Pamene makolo adzamva, ali ndi pakati pa miyezi isanu, magazi ake ndi ochepa, ndipo sanapiteko ku sikelo ngakhale kamodzi.

Pa ulendo wonsewu padali malo anayi kapena asanu pamene munthu wamkulu akadatha kuimitsa ngoziyo. Kutuŵa kwa m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope kumaoneka ndi maso. Kujomba kwa masiku omwewomwewo mwezi ndi mwezi kumaoneka m'kaundula. Mafuta odzola achilendo anzake amaŵaona, ndipo akadanena kukadakhala mphunzitsi wamkazi amene amamukhulupirira. Palibe china chilichonse mwa izi chimene chikadafuna dokotala kapena ndalama zambiri. Chidasoŵa ndi munthu wokhala ndi nthaŵi ndi udindo woona.

Mavuto amene diso la mphunzitsi lingaŵagwire msanga

Kuchepa kwa magazi kumagwira atsikana ambiri a msinkhu uwu, chifukwa thupi likukula, akutaya magazi mwezi uliwonse, ndipo chakudya chawo chilibe nyemba, nsomba kapena nyama yokwanira. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zimaonjezera vutoli. Mnyamata amene akukodza magazi amabisa chifukwa cha manyazi, pamene mankhwala a likodzo amamwedwa tsiku limodzi lokha. Mwana amene saona bwino pa bolodi amatchedwa mbuli, chonsecho amangofunika kukhala kutsogolo ndi kukapimitsa maso.

Pali ana amene adabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo akula bwino chifukwa cha mankhwala a ARV. Akafika ku sekondale, makamaka akamagona chipinda chimodzi ndi anzawo, ena amaleka kumwa mankhwala poopa kuti botolo lioneka. Mwana wotere afunika munthu mmodzi wosunga chinsinsi, amene angamupatse chilolezo chopita ku chipatala pa tsiku lake popanda kumufunsa pamaso pa kalasi. Palinso ana a khunyu. Matendaŵa sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. Mwana akagwa, ofunika ndi kumuchotsera zinthu zimene zingamupweteke, kumugoneka chammbali, ndi kusamuika kanthu kalikonse m'kamwa. Mphunzitsi wodziŵa zimenezi amaphunzitsa kalasi lonse kuleka kuthaŵa mnzawo.

Vuto lina limene anthu salilankhula mokwanira ndi matenda a maganizo. Mwana amene adali wansangala akayamba kudzipatula, kusoŵa tulo, kuleka kusamba, kapena kunena mawu otaya mtima ngati akuti kuli bwino kufa, sakuchita mwano ndipo sadalodzedwe. Akudwala, ndipo afunika thandizo msanga. Anyamata ndiwo amabisa kwambiri, popeza adaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo ena amathaŵira ku chamba ndi kachasu. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili ku Zomba, kutali ndi Mwanza, koma ambiri mwa ana otere safunika kufika kumeneko. Amathandizika pa chipatala cha boma, ngakhale ndi kucheza kokha ndi munthu wodziŵa kumvetsera, malinga wina aŵazindikire nthaŵi ikadalipo.

Kunena za mimba, kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali ndi pakati. Thupi la mtsikana wamng'ono silinakonzeke kubereka. Chiuno chikhoza kuchepa, mwana nkukakamira panjira, ndipo zotsatira zake ndi matenda a fisitula kapena imfa. Kuthamanga kwa magazi ndi kubereka mwana wosakwana masiku kumachitikanso kaŵirikaŵiri pa msinkhu umenewu. Mtsikana amene watenga pakati ayenera kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Amene wagwiriridwa ayenera kufika ku chipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV ndi ku mimba. Maola ameneŵa amatha msanga ngati mwana alibe munthu womuuza.

Zimene chaka cha 2020 chidaonetsa

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malaŵi zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa mu Sepitembala. Kauniuni amene Boma lidachita chaka chomwecho adapeza atsikana oposa 40,000 amene adatenga pakati, ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000, m'miyezi yoŵerengeka yokha. Ana ameneŵa adali m'midzi mwawo, pafupi ndi makolo, ankhoswe ndi mipingo yawo. Chimene chidachotsedwa pa moyo wawo ndi sukulu basi. Palibe umboni wina woposa uwu wosonyeza kuti sukulu ndi mpanda woteteza mwana. Koma sukulu imene ili ndi ana mazana angapo ndi aphunzitsi oŵerengeka, amene sadziŵa ndi maina omwe a ana awo, ndi mpanda wogumuka: zitseko nzotsegula, koma mwana akhoza kusoŵa mwezi wathunthu popanda womufunsa.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu Januwale 2023, udakumbutsanso chinthu chomwecho. Chimbudzi cha pa sukulu, ndowa yosambira m'manja, ndi chitsime chimene ana a selefu amatungako madzi zimafuna munthu woziyang'anira.

Mawu a otsutsa

Ena adzati mphunzitsi si dokotala, ndipo kumusenzetsa za umoyo ndi kumuonjezera katundu pamene wawerama kale. Mawuŵa ali ndi nzeru. Mphunzitsi sayenera kupima matenda kapena kugaŵa mankhwala amene sakuŵadziŵa. Ntchito yake ndi kuona, kufunsa, ndi kutumiza mwana kwa oyenera. Ndipo poti katunduyo ndi wolemeradi, yankho lake ndi kuchulukitsa omusenza. Mutu umodzi susenza denga. Pamene akuluakulu a maphunziro aŵerengera aphunzitsi ofunika pa sukulu, nthaŵi ya uphungu iŵerengedwe ngati ntchito, mofanana ndi Masamu ndi Chingerezi, ndipo mphunzitsi wopatsidwa udindowu achepetseredwe magawo a m'kalasi.

Ena adzati kulera mwana ndi ntchito ya makolo, azakhali ndi anamkungwi. Zimenezi nzoona, ndipo palibe amene akufuna kuŵalanda udindo wawo. Koma kholo limene lili ku munda mtunda wa maola aŵiri silingaone zimene zikuchitika m'chipinda cha lendi Lachitatu usiku. Sukulu idatenga mwana m'manja mwa makolo kwa maola ambiri a tsiku, ndipo iyenera kuŵabwezera uthenga wa mmene mwanayo alili.

Makolo ena amaopa kuti azaumoyo akamafika pa sukulu adzayamba kugaŵira ana njira zolera. Malamulo a Unduna wa Maphunziro salola kugaŵa zinthu zimenezi pabwalo la sukulu. Chimene namwino angabweretse ndi chiphunzitso choona cha mmene thupi limagwirira ntchito, m'malo mwa mabodza amene ana amauzana okhaokha, monga lija loti mtsikana satenga pakati tsiku loyamba.

Pali nkhaŵa inanso yoŵaŵa, imene siyenera kubisidwa. Aphunzitsi ena ndiwo amene amaononga atsikana. Ameneŵa ndi ochepa, koma alipo, ndipo amabisala mosavuta pa sukulu imene aphunzitsi ndi ochepa, onse amuna, ndipo mkulu wa sukulu amaopa kutaya munthu yekhayo wophunzitsa sayansi. Ichi ndi chifukwa china chofunira aphunzitsi okwanira, pakati pawo akazi, ndi makomo angapo amene mwana angagogodepo: mphunzitsi, mayi wa m'mudzi, mlangizi wa zaumoyo, ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Zoyenera kuchitika

Udindo woyamba ndi wa Boma. Sukulu za sekondale za ku Mwanza zimayang'aniridwa ndi ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kummwera chakumadzulo, imene ili ku Blantyre. Potumiza aphunzitsi atsopano, ofesiyi iyambire sukulu zakutali, ndipo pasakhale sukulu ya atsikana ndi anyamata yopanda mphunzitsi wamkazi. Aphunzitsi amene adatsiriza maphunziro awo koma ali pakhomo kudikira ntchito alembedwe. Sukulu iliyonse ikhale ndi aphunzitsi aŵiri, wamwamuna ndi wamkazi, ophunzitsidwa za uphungu, ndi malo oduka mphepo amene mwana angalankhulirepo popanda ena kumvetsera pazenera.

Udindo wachiŵiri ndi wa azaumoyo. Boma la Mwanza lili ndi chipatala chachikulu pa boma ndi zipatala zazing'ono monga Kunenekude, Thambani ndi Tulonkhondo, komanso alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi. Mlangizi amene amadziŵa chitsime chilichonse ndi mwana aliyense wa sikelo m'dera lake aŵerengenso sukulu ya sekondale ngati umodzi mwa midzi yake. Kufika kamodzi pa teremu kudzaona zimbudzi, kuyang'ana zikhatho ndi maso a ana, ndi kuyankha mafunso olembedwa pa timapepala topanda maina, sikufuna galimoto. Kuyambira 2007 Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa ndondomeko yoti achinyamata azilandiridwa bwino m'zipatala. Tanthauzo lake likhale loti mwana wobwera ndi yunifolomu ndi kakalata ka mphunzitsi athandizidwe msanga kuti abwerere m'kalasi, ndipo asakalipiridwe pamaso pa anthu a m'mudzi mwake.

Udindo wachitatu ndi wa makolo ndi mafumu. Mphunzitsi sakhala pamalo pamene alibe pogona. Midzi imene idaumba njerwa za makalasi ingathenso kuumba za nyumba ya mphunzitsi, ndipo nyumba yoyamba kutha ipatsidwe kwa mphunzitsi wamkazi. Magulu a amayi oyang'anira atsikana, amene agwira ntchito yotamandika m'sukulu za pulayimale, alimbikitsidwenso ku sekondale. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ilembe nyumba zonse zimene ana a selefu amakhalamo, iziyendere, ione ngati zili ndi chitseko chokhoma, chimbudzi ndi madzi, ndipo nyumba yoyandikana ndi malo omwera moŵa ikanidwe. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo ku sukulu, pogwiritsa ntchito nyakwaŵa ndi amayi a m'midzi momwemo. Idaonetsa kuti mawu a mfumu amafika kumene kalata ya ku ofesi siifika. Malamulo nawonso ali kumbali ya mwana: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangakwatiwe.

Udindo wachinayi ndi wa sukulu yeniyeniyo, ndipo sulira ndalama. Maina aitanidwe m'maŵa uliwonse. Mwana akajomba masiku atatu otsatana, uthenga upite kwa makolo kapena kwa nyakwaŵa, pa lamya kapena kudzera mwa mnzake wa m'mudzi umodzi. Mtsikana amene wachoka chifukwa cha pakati auzidwe momveka, makolo ake ali pomwepo, kuti malo ake akumudikira. Lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka lidakhazikitsidwa mu 1993 ndipo lidakonzedwanso mu 2018, koma atsikana ambiri sabwerera chifukwa palibe adaŵatsatira kukaŵakumbutsa, ndipo amaopa kusekedwa. Mphunzitsi mmodzi wofika pakhomo ndi mawu oti, “Amayi, mwanayu tikumufunabe ku sukulu,” amachita zimene pepala la lamulo silingachite palokha.

Mafunso atatu a kholo

Akuluakulu adati mmera mpoyamba, ndipo nchifukwa chake mayi aliyense amasunga bwino kabuku ka sikelo ka mwana wake wakhanda. Koma mmera umene wapulumuka chikuku, malungo ndi kutsegula m'mimba ukhoza kufota pa zaka 15, utatsala pang'ono kubala. Banja limene lidayenda maulendo onse a katemera lisataye mwana wake pa msinkhu umene lidayesa kuti ngozi zatha.

Tsono kholo lililonse la kwa Kanduku limene lili ndi mwana ku sekondale, likachoka pa benchi ya chipatala, lipatule tsiku limodzi lokaonana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo limufunse mwaulemu mafunso atatu. Kodi pa sukulu pano pali aphunzitsi angati, ndipo akazi ndi angati? Mwana akadwala kapena akavutika mumtima, amapita kwa yani? Akajomba, amamutsatira ndani, ndipo pakapita masiku angati? Mphunzitsi wamkulu wabwino sadzakwiya ndi mafunso ameneŵa, pakuti iye yemwe amagona nawo mumtima. Mayankho ake atengeredwe ku msonkhano wa makolo, kwa mfumu, kwa khansala ndi kwa phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo afunsidwenso chaka chamaŵa, kufikira sukuluyo italandira aphunzitsi oikwanira.